Utsi wosaoneka: chimene chimachulukitsa carbon monoxide mu injini ya petulo

Lole ya dizilo ikamakwera chitunda italemedwa ndi matumba a kachewere, utsi wakuda bii ukufuka kumbuyo, aliyense amagwira mphuno n'kumadandaula kuti galimoto izi zitimaliza. Koma ka Sienta koima pa siteji m'mamawa, injini ikulira chapansipansi podikira kuti anthu adzaze, ku ekizozi kosatuluka chooneka ndi maso, palibe amene amakakayikira. Chonsecho pa nkhani ya carbon monoxide (mwachidule CO), kawirikawiri koopsa n'komweko. Injini ya dizilo imakoka mpweya wambiri kuposa umene mafuta ake akufuna, choncho ngakhale imalavula mwaye ndi zoipa zina, CO imatulutsa wochepa. Ya petulo ndiyo imayenda pa muyezo wothina, ndipo mafuta akangochulukirapo pang'ono, mpweya wakuphawu umakwera kangapo konse. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Fungo limene mumamva kuseri kwa galimoto ndi la petulo wosapsa ndi zina zotuluka naye limodzi. CO weniweniyo mphuno siimugwira.

Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu mpweya umenewu timaudziwa kale, kungoti timaudziwira pa mbaula. Makala akamayaka panja pamene mphepo ikupita bwino, kaboni wa m'makalamo amagwirana ndi okosijeni wokwanira n'kusanduka carbon dioxide. Mbaula yomweyo mukailowetsa m'chipinda mu Julayi, n'kutseka chitseko ndi mawindo pothawa chisanu, moto suzima ayi, koma umaperewera mpweya, ndipo chotuluka ndi CO. M'silinda ya injini zimachitika ndi zomwezo, kusiyana kwake n'kwakuti moto wa mmenemo umayaka n'kutha m'kaphindi, ndipo chimene sichinapse nthawi imeneyo chimakankhidwira kunja chili choncho.

Petulo ndi kaboni wophatikana ndi haidirojeni. Haidirojeniyo akapsa amasanduka madzi, n'chifukwa chake ekizozi imadontha m'mawa. Kaboni ulendo wake ndi wa masitepe awiri: amayamba wakhala CO, kenako akapeza okosijeni wina amamalizika kukhala carbon dioxide. Okosijeni akatha ulendowo uli pakati, kaboniyo amatsakamira pa sitepe yoyamba. Chowawa kwa mwini galimoto n'chakuti mphamvu yambiri ya kaboni, kuposa magawo awiri mwa atatu, imatuluka pa sitepe yachiwiriyo. Ndiye CO aliyense wotuluka ku ekizozi ndi petulo amene munaimira pa mzere, munalipira, koma sanakankhe pisitoni mokwanira.

Muyezo wake ndi wodziwika. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Kuwerengera m'malita, lita imodzi ya petulo imadya malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Injini ikakhala pa muyezo umenewu, CO wotuluka m'masilinda amakhala cha m'ma theka la peresenti ya utsi wonse, ndipo catalytic converter, choyeretsa utsi cha ku ekizozi, imamaliza wotsalayo mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro. Muyezo ukatsika kufika 12 pa 1, CO amapitirira 5 peresenti. Ku Britain, komwe galimoto zina zimene tikuyendera zinachokera, galimoto yatsopanoko ya catalytic converter imalephera mayeso a pachaka ikapitirira 0.3 peresenti injini ikulira galimoto itaima, kapena 0.2 peresenti ataiponda moto pang'ono. Galimoto zakale za kabuleta amazilola kufika 3.5 kapena 4.5 peresenti malinga ndi zaka zake. Taonani mtunda umene ulipo pakati pa manambalawa. Galimoto imodzi yosokonekera ikhoza kutulutsa CO wa galimoto zabwino makumi angapo.

Choncho wofufuza CO wochuluka ali ndi mafunso awiri okha: mafuta akuchulukiranji mpweya, nanga choyeretsa cha ku ekizozi chikulekeranji kuyeretsa. Mayankho ake ndiwo ambiri, ndipo mwa kuona kwanga ochuluka mwa iwo kwathu kuno sachokera ku ukalamba wa injini. Amachokera ku zinthu zimene anthu anachotsa ndi manja awo pofuna kuthandiza.

Chisanu, ndi kachitsulo kamene timakonda kutaya

Petulo sayaka ali wamadzimadzi, amayaka akasanduka nthunzi. Injini ikakhala yozizira, gawo lina la petulo limangomata m'makoma a njira yolowera ndi m'silinda osauluka. Kuti moto ugwire, injini imathira mafuta owonjezera dala, kuti ochepa amene auluke akwanire. Pa galimoto zakale ndi njinga zamoto ntchito imeneyi ndi ya choke. Pa galimoto za mainjekita imachita ndi kompyuta, itamva kuchokera ku sensa ya kutentha kwa madzi kuti kunja kwazizira. Nthawi yomweyonso catalytic converter imakhala ikadali yozizira, ndipo siyamba ntchito yake isanafike madigiri 250 mpaka 300. N'chifukwa chake galimoto yabwinobwino imatulutsa gawo lalikulu la CO wa ulendo wonse m'mphindi zoyambirira zokha. Pamenepa palibe chowonongeka, ndi mmene injini inapangidwira. M'mawa wa Juni ku Bembeke kapena ku Tsangano mphindi zimenezi zimangotalikirapo. Ndipo chizolowezi choliza galimoto n'kuisiya pakhomo kuti itenthe, inu mukumwa tiyi, chimazitalikitsanso, chifukwa injini yosagwira ntchito imatentha mochedwa. Kuiliza, kudikira pang'ono kuti oilo ayende, n'kunyamuka mofatsa, kumaitenthetsa msanga.

Vuto lenileni limabwera injini ikalephera kutuluka m'chisanumo tsiku lonse. Pakati pa injini ndi redieta pali thermostat, kachitseko kakang'ono kokwana m'dzanja, kokhala ndi sipuling'i ndi phula mkati. Injini ikazizira kamatseka, madzi azingozungulira mu injini momwemo mpaka atenthe. Akafika madigiri a pakati pa 80 ndi 90, pa ma Toyota ambiri 82, phula limafufuma, kachitseko kamatseguka, madzi amapita ku redieta. Ntchito yake si kuziziritsa kokha. Ndi kusunga injini pa kutentha kumodzi.

Galimoto ikayamba kuwira, mankhwala ofala m'magalaja athu mukuwadziwa. Makaniko amamasula mabawuti awiri, amakazula, amakuonetsani kali pachikhatho: “Bwana, aka n'ka ku Japan kozizira, kuno sikafunika.” Kamagwera m'chitini cha mabawuti akale. Ena amawonjezera kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa. Kuwira kumaleka, mwini galimoto amalipira akumwetulira. Chimene chinayambitsa kuwirako, kaya ndi redieta yotsekeka ndi dzimbiri, chivindikiro chake chotha, pampu ya madzi yodyeka kapena gasiketi yopsa, chimatsala pomwepo chikungobisala.

Mwina munthu wa ku Chikwawa mu Okutobala angapeze chonena poikira kumbuyo mchitidwewu, ngakhale nayenso akulakwitsa. Wa ku Dedza alibe chonena n'komwe. Galimoto yopanda thermostat ikamathamanga pa M1 m'miyezi yozizira, mphepo ikuwomba redieta, madzi amatha kukhala pa madigiri 50 kapena 60 ulendo wonse, makamaka potsetsereka. Kwa kompyuta m'mawa sunathe. Imapitiriza kuwonjezera mafuta, ndipo petulo wosauluka uja amatsuka oilo m'makoma a silinda n'kutsikira mu sampu. Oiloyo akadzatentha amabweza nthunzi ya petulo kudzera m'kapaipi kopumira injini, n'kuwonjezeranso mafuta pamwamba pa amene achuluka kale. Zizindikiro zake sizisowa makina: muvi wa geji umakhala pansi, umatsikanso mukamatsetsereka, hita imatulutsa mpweya wofunda chabe, ndipo mukasolola dipstick n'kununkhiza mumamva petulo.

Nthawi zina thermostat ilipo, injini yatentha bwino, koma sensa ya madzi ndiyo ikunama. Kasensa kameneka kamauza kompyuta kutentha kudzera m'mphamvu ya magetsi odutsamo, ndipo waya wake akachita dzimbiri polumikizira, kamaonetsa kuzizira kuposa mmene zilili. Madzi a pa mjigo othira mu redieta m'malo mwa coolant sakathandizanso. Kuyesa kwake n'kosavuta kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto: m'mawa injini isanalire, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuyenera kufanana, chifukwa zonse zagona panja limodzi. Zikasiyana kwambiri, imodzi mwa masensa awiriwo ikunama.

Kumtunda mpweya ndi wopepuka

Dedza ndi boma lokwera kwambiri m'Malawi, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo nsonga ya phiri lake ili pa mamita pafupifupi 2,200. Pamtunda wa boma, lita ya mpweya imakhala ndi okosijeni wochepa ndi 15 peresenti poyerekeza ndi ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, choncho munthu wochoka ku Golomoti kukwera Khwekhwelere mpaka pa Masasa wasintha mpweya umene injini yake ikupuma asanathe ngakhale ola.

Galimoto ya mainjekita imadziwa zimenezi yokha. Ili ndi sensa yoyeza kulemera kapena kupanikizika kwa mpweya wolowa, ndipo imachepetsa mafuta mofanana. Mphamvu imatsika pang'ono, koma muyezo sugwedezeka. Kabuleta ilibe nzeru imeneyo. Timabowo take tinabooledwa kamodzi ku fakitale, ndipo imakoka petulo potengera liwiro la mpweya wodutsa, osati kuchuluka kwa okosijeni ali mmenemo. Ikakwera kumtunda mafuta amachuluka okha popanda wogwirapo. Mapikapu akale onyamula kabichi ndi tomato pa Lizulu, njinga zamoto za kabaza, majenereta ndi mapampu a m'dimba, zambiri mwa izi ndi za kabuleta, ndipo zambirinso zilibe choyeretsa chilichonse ku ekizozi.

Pa kabuleta tizifukwa tating'ono timaunjikana. Air cleaner ikadzaza fumbi la msewu wa ku Mayani kapena ku Lobi, imachita ntchito ya choke yosatseguka: mpweya ukuvutika kulowa, petulo akukokedwa kwambiri. Choke yeniyeniyo imatha kutsakamira pakati waya wake akauma. Kasingano ka float, kamene kamatseka petulo akadzaza mu kabuleta, kakadyeka, petulo amadzaza kupitirira mzere wake n'kumasefukira m'khosi mwa kabuleta. Ndiye pali m'bale wathu wa kabaza amene amatokosa jeti ndi waya wa buleki pofuna kuitsegula, osadziwa kuti waikulitsa, kenako n'kumadabwa kuti lita sikumufikitsanso kumene inkamufikitsa. Jenereta ndiyo ndingoitchula mwachidule: magetsi akazima ikhale panja, kutali ndi zenera, osati m'khonde lotseka kapena kuseri kwa kauntala poopa akuba.

Za air cleaner pa galimoto za mainjekita tisakokomeze. Anthu amathamangira kuisintha akamva kuti galimoto ikumwa mafuta, koma kompyuta imayeza mpweya umene walowadi n'kupereka mafuta olingana nawo. Sefa yotsekeka imadya mphamvu kuposa mmene imachulukitsira CO. Choipa kwambiri ndi kuichotseratu kapena kuiboola poipopera ndi kompuresa, chifukwa fumbi limakamata pa kawaya kotentha ka sensa ya mpweya, n'kuyamba kuwerenga zolakwika: kawirikawiri mochulukitsa galimoto itaima, mochepetsa ikamathamanga.

Kuphatikana kwa mtunda ndi chisanu si kwathu kokha. Mzinda wa Denver ku America uli pa mamita pafupifupi 1,600, ndendende ndi Dedza, ndipo unkavutika kwambiri ndi CO m'miyezi yozizira nthawi imene galimoto zambiri zinali za kabuleta. Mu 1988 m'chigawo cha Colorado, momwe muli mzindawu, munayamba kugwira ntchito lamulo lakuti petulo wa nyengo yozizira azisakanizidwa ndi mankhwala okhala ndi okosijeni mkati mwake. Ethanol ndi mmodzi wa mankhwala oterowo. Gawo limodzi mwa atatu la kulemera kwake ndi okosijeni. Pamenepa Malawi anatsogola mosadziwa kuti akuthandizanso mpweya: tinayamba kusakaniza ethanol wa nzimbe mu petulo mu 1982, wochokera ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Cholinga chinali kupulumutsa ndalama zakunja, koma pa injini ya kabuleta petulo wotere amatsitsako CO. Za petulo wa m'zigubu, amene amachuluka m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, palibe angakutsimikizireni chimene chilimo. Akakhala kuti wathiridwa palafini, sauluka bwino, sapsa bwino, ndipo amadetsa mapulagi ndi masensa.

Kompyuta ikanamizidwa

Galimoto zambiri zimene zikudzaza misewu yathu lero, ma Sienta, ma Probox, ma Vitz, ma Passo, sizingoganizira muyezo wa mafuta. Zimathira, zimanunkhiza zotsatira zake ku ekizozi, n'kukonza. Mphuno yake ndi sensa ya okosijeni, yomangidwa pa paipi pafupi ndi injini. Kampani ya Bosch ndiyo inaipanga, ndipo Volvo inayamba kuiika m'galimoto mu 1976. Ya mtundu wakale imatulutsa magetsi ochepa kwambiri: cha m'ma 0.1 volt mpweya ukachuluka, cha m'ma 0.9 mafuta akachuluka. Ikakhala yamoyo, nambalayi imavinavina pakati pa ziwirizi mosalekeza, kompyuta ikuwonjezera ndi kuchepetsa mafuta pang'onopang'ono.

Kompyuta imakhulupirira sensa imeneyi kotheratu. Sensa ikanena kuti mafuta achepa, imawonjezera osafunsa. Ndiye chilichonse chochititsa sensa kuona okosijeni amene sanachokere m'kupsa kwabwino chimachulukitsa CO.

Choyamba ndi ukalamba. Sensa yotopa imayankha mochedwa kapena kutsakamira pansi. Chachiwiri ndi poizoni. Kale anali mtovu wa mu petulo, umene mayiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya kumayambiriro kwa 2006. Lero ndi oilo wa injini yosuta, coolant wolowa m'silinda gasiketi ikapsa, komanso silikoni. Onani mmene silikoni amapakidwira m'magalaja ena: m'malo mogula gasiketi, amafinya chubu chonse mpaka kutuluka m'mbali. Mitundu ina ya silikoni imatulutsa nthunzi imene imakapsa m'silinda n'kukuta nsonga ya sensa ndi chinthu choyera, ndipo ikatero yafa. Chachitatu ndi kuika sensa yolakwika. Ma Toyota ambiri atsopanoko ali ndi sensa ya mtundu wina kutsogolo, yoyeza muyezo weniweni osati kungoti wachuluka kapena wachepa. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi yakale ija, imamangika pa bowo lomwelo, koma chilankhulo chake n'china. Yogula pa mulu wa zitsulo zakale poyerekeza ndi maso okha imatha kusokoneza galimoto kuposa imene yachotsedwa.

Pali njira ina imene anthu ambiri saiganizira: ekizozi yong'aluka kutsogolo kwa sensa. Munthu angaganize kuti pa mng'alu utsi umangotuluka. Koma utsi suyenda mosalekeza, umayenda modumphadumpha, ndipo pakati pa kudumpha kulikonse paipi imayamwa mpweya wakunja. Sensa imaona okosijeni wochuluka, imauza kompyuta kuti mafuta achepa, kompyuta imathira. Injini yonse imasambira mu petulo chifukwa cha kamng'alu koti simungalowetsemo chikhadabo. Misewu yathu ya mabampu ndi miyala imang'amba mapaipi amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo wowotcherera akasiya kabowo pamsoko, kaphokoso kake ka “tsi tsi tsi” m'mawa timangokazolowera.

Pulagi yophonya moto nayo ili ndi msampha wake. Payokha siichulukitsa CO kwenikweni, chifukwa pamene moto sunayake n'komwe sipangakhale kaboni wopsa theka. Chimatuluka ndi petulo wamuwisi. Koma okosijeni wa m'silinda imeneyo amatulukanso osagwiritsidwa ntchito, sensa imamuona, ndipo kompyuta imawonjezera mafuta m'masilinda onse, kuphatikizapo atatu amene analibe vuto. Apa m'pamene makina oyeza utsi amathandiza kusiyanitsa. CO yekha akakwera, mafuta achuluka. Petulo wosapsa akakwera limodzi ndi okosijeni, yambani mwafufuza moto.

Palinso pamene kompyuta ikunena zoona, ikuyesetsa kuchepetsa, koma petulo akulowera njira imene siingatseke. Injekita yodyeka kapena yolowa zinyalala imadontha m'malo mopopera. Galimoto yotere imavuta kulira ikaima pang'ono ili yotentha. Pa galimoto zakaleko pali regulator ya mphamvu ya petulo pamwamba pa injini, yokhala ndi kapaipi kopita ku manifold, njira yolowera mpweya mu injini. Mukakazula n'kupeza mkati mwanyowa petulo, kachikopa kake kang'ambika ndipo injini ikuyamwa mafuta mwachindunji. Pampu kapena mainjekita ozula pa injini ya mtundu wina amatha kupereka mopitirira. Kavavu kotulutsa nthunzi ya mu thanki kakatsakamira kotsegula, zotsatira n'zomwezo, ndipo kudzaza thanki mpaka pakamwa, kugwedeza galimoto kuti mulowe lita ina, kumamiza kabokosi ka makala kosungira nthunziyo.

Chimene chinali m'mimba mwa ekizozi

Ngakhale injini ikhale pa muyezo wabwino, CO pang'ono amatulukabe, ndipo womaliza ntchito ndi catalytic converter. Mkati mwake muli chibuma cha dongo lowotcha, cha timabowo tambirimbiri, topakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulo zimenezi sizipsa, zimangothandiza CO kugwirana ndi okosijeni wotsala n'kumaliza sitepe yachiwiri ija. Ikatentha bwino, pa injini yoyenda pa muyezo, imachotsa CO woposa 90 peresenti. Koma siichita zozizwitsa. Mafuta akachuluka mu injini, mu utsi simutsala okosijeni woti igwiritse ntchito, ndipo CO amangodutsa ngakhale converter ili yatsopano.

Galimoto zambiri kuno zikuyenda chibumacho kulibe. Zina zinabedwa kapena kugulitsidwa, poti zitsulo zija n'zodula ndipo ogula alipo. Zina zinachotsedwa chifukwa zinatsekeka, galimoto ikulephera kukwera chitunda. Makaniko amadula paipi, amalowetsa nsimbi yaitali, amagogoda mpaka zidutswa zoyera zitagwa pansi, amawotcherera, ndipo galimoto imapumadi bwino. Sindimuweruza kwambiri, yatsopano ndi yodula, ndipo mwini galimoto akufuna kubwerera pamsewu lero. Koma converter siitsekeka yokha popanda chifukwa. Imasungunuka ndi petulo wamuwisi wochokera ku pulagi yophonya, kapena imakutidwa ndi mwaye ndi phulusa la oilo. Kuigogoda n'kuchotsa mboni, mlandu uli pomwepo. Injini imene inapha converter yake chifukwa cha mafuta ochuluka tsopano ikutulutsa CO yenseyo wopanda chomutchinga.

Zotsatira zake zina zimabwera mwakachetechete. Kuseri kwa converter kuli sensa yachiwiri yoyang'anira ngati ikugwira ntchito. Chibuma chikachoka, nyali ya check engine imayaka ndipo siizimanso. Dalaivala amaizolowera, ena amamatapo tepi, ena amazula babu. Kuyambira tsiku limenelo sensa ya madzi ife, ya okosijeni ife, pulagi iphonye, palibenso chomuchenjeza, chifukwa nyali yochenjezayo inasanduka chokongoletsa dashibodi.

Katundu wopitirira muyezo amawonjezera pa zonsezi. Mukaponda moto mpaka pansi, kompyuta imasiya dala kumvera sensa ya okosijeni n'kuthira mafuta ochuluka, kuti injini ipereke mphamvu yonse ndiponso kuti mavavu ndi mapisitoni asapse. Opanga galimoto anawerengera kuti zimenezi zizichitika kwa timphindi tochepa, popitirira galimoto ina. Galimoto ya anthu asanu ndi awiri itanyamula khumi ndi awiri ndi matumba, ikukwawa Khwekhwelere phazi lili pansi, imakhala m'mkhalidwe umenewu chitunda chonse.

Ndipo apa m'pamene nkhani imachoka ku thumba n'kufika ku moyo. Galimoto ikamayenda, kumbuyo kwake mpweya umazungulira n'kubwerera ku chitseko cha kumbuyo. Chitsekocho chikakhala chotsegula, chomangidwa ndi chingwe pamwamba pa matumba, kapena labala wake atatha, utsi wa ku ekizozi umayamwidwira mkati. Mawindo amakhala otseka chifukwa cha chisanu. Okhala mpando wa kumbuyo kawirikawiri ndi ana ndi amayi. CO amagwira hemoglobin ya m'magazi, imene imanyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo akagwira sataya msanga. Mpweya wokhala ndi CO wokwana 0.02 peresenti yokha umayambitsa mutu pakatha maola awiri kapena atatu. Woposa 1 peresenti umapha m'mphindi zochepa. Kumbukirani kuti ku ekizozi ya injini yosokonekera kukutuluka 5 peresenti. Zizindikiro zake, mutu, chizungulire, nseru, kufooka, tulo, n'zimene ife timathamangira kunena kuti ndi malungo kapena kuti mwana sazolowera galimoto. Anthu angapo akadwala mofanana m'galimoto imodzi, n'kumapezako bwino akatsika, kayikirani utsi. Wokomoka kapena wosokonezeka mutu mutulutseni panja pa mphepo, mupite naye kuchipatala, ndipo muwauze achipatala kuti anali mu utsi wa galimoto, chifukwa mankhwala ake ndi okosijeni. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima asadikire kuti zifike pamenepo.

Pofufuza galimoto imene mukuikayikira, zambiri zimaoneka musanagule kanthu. Masulani mapulagi onse muwandandike motsatana pa nsanza. Nsonga yofiirira mopepuka ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye wouma, wochoka mukapukuta ndi chala, ikunena kuti mafuta achuluka. Yakuda monyowa ndi monata ndi oilo, imeneyo ndi nkhani ina. Imodzi yokha ikada, yang'anani injekita kapena koyilo ya silinda imeneyo. Zikada zonse, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga kutentha kwa madzi, masensa kapena mphamvu ya pampu. Funsani ngati thermostat ilimo, ndipo musakhutire ndi yankho la pakamwa. Mverani kaphokoso ka mng'alu injini ikadali yozizira, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma n'kuutseka.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan ndi ku Britain zili ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, ndipo amakaniko okhala ndi makina olumikiza pamenepo akuchuluka. Nambala P0172 ikutanthauza kuti mafuta achuluka moti kompyuta yalephera kuwabweza, P0128 kuti madzi sakufika pa kutentha koyenera, P0420 kuti converter siikugwira. Koma musalole kuti angofufuta manambala nyali izime, inu n'kulipira. Apempheni akuonetseni fuel trim, nambala yosonyeza mmene kompyuta ikukonzera mafuta. Ikakhala pansi pa ziro kupitirira 10 peresenti, kompyuta ikulimbana ndi petulo wolowa mopitirira, ndiye fufuzani mainjekita, pampu ndi kavavu ka nthunzi. Ikakhala pamwamba pa ziro kwambiri, chonsecho mapulagi ali bii, kompyuta ikunamizidwa, ndiye fufuzani sensa, mng'alu ndi moto. Converter ndiyo yomalizira kugula, zina zonse zitakonzedwa, chifukwa yatsopano yomangidwa pa injini imene ikuthirabe mafuta mopitirira idzasungunuka mmene inasungunukira yoyamba.